Chosalembedwa Sichinachitike

Mutu uno ndauzengereza miyezi yambiri. Mitu ina ija ndinailemba msanga chifukwa muli zondiyamikira; uno mulibe. Ndikulembera iwe Mariamu mwana wanga, ndi ana ako awiri, Asiyatu ndi Halima, koma ndizikutchulani maina ngati ndikuuza alendo, kuti amene adzawerenge ife titapita asasokonezeke. Wokayika akatsegule thiranki ili pansi pa bedi langa. Makope anga onse ali mmenemo, ndipo ndi omwewo amene akundineneza.

Kulemba kope la tsiku ndi tsiku ndinayamba ndili Folomu 2. Patsamba loyamba pali mawu amene ndinawadula mzere kunsi kawiri: "Ine Patuma ndidzathandiza dziko langa, ndipo sindidzataya tsiku ngakhale limodzi." Nthawi imeneyo ndinkalemba chilichonse, mnzanga akandikwiyitsa, zimene ndalota, ngakhale mtundu wa mpango umene ndinkausirira pamsika.

Chaka choyamba pantchito, ku Chikweo

Nditamaliza maphunziro a ulangizi wa zaulimi ananditumiza ku Chikweo, kufupi ndi kwathu kwa Kawinga. Tsiku loyamba alimi a thonje anandilandira bwino, nandipatsa mpando, kenako mkulu wina anandifunsa mwaulemu kuti, "Nanga alangiziwo afika nthawi yanji, mwanangu?" Nditayankha kuti alangiziwo ndi ine, anthu anaseka mpaka ena kupukuta misozi ndi zisoti. Ofesi inandipatsa njinga yakuda yachimuna, koma kupalasa sindinkadziwa. Sabata yonse ndinkangoikankha, ine uku iyo uku, ngati ndikuperekeza mlendo. Loweruka ndinaikankha mpaka kumudzi. Inali nyengo yotola thonje, munda wa ababa uli mbuu. Ababa anaika thumba pansi, nagwira kaliyala, nati, "Kwera." Amayi anadandaula kuti thonje ligwera pansi lida, iwo anangoti, "Thonje lilibe miyendo." Anathamanga pambuyo panga masiku awiri, mkanjo ataukwinyira m'chiuno, mpaka ndinacheuka n'kuwaona ataima kutali akupuma wefuwefu, ine ndikupita ndekha. Nkhani imeneyi inatenga masamba atatu m'kope langa. Muikumbukire, ibweranso.

Zosowa zinali zambiri. Mpope wopopera mankhwala unali umodzi m'makalabu onse a alimi, tinkabwerekana ngati mtondo. Mbewu inkafika mvula itagwa kale. Tayala likaphwa popanda zomatira ndinkalipakira udzu wouma n'kumapita. Koma chimene chinandisintha si zimenezi, ndi bwana wanga woyamba, amene tinkangowatchula a Lipoti. Anali munthu wachilungamo, wosakonda phokoso. Ankabwera kumapeto kwa mwezi panjinga yamoto, magalasi atachita fumbi.

"Mayi Patuma, mwezi uno mwayendera makalabu angati?"

"Onse, bwana. Ena kawiri."

"Zalembedwa pati?"

"Mafomu anatha, bwana. Koma afunseni alimiwo, ali panjapa."

Anavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono. "Alimi sapita kulikulu, mayi. Chimapita ndi pepala. Chosalembedwa sichinachitike. Inu mwezi uno mwangokhala."

Ine amene mapazi anali atang'aluka ndi kuyenda! Ndinalumbira kuti sadzandiuzanso mawu amenewo. Popeza mafomu ankasowa, ndinayamba kulemba za ntchito m'kope langa lomwe lija. Poyamba ndinkagawa tsamba, pamwamba za mtima, pansi za ntchito. Pomwe chaka chinkatha za ntchito zinali zitakwera mpaka pamzere woyamba. A Lipoti ankanyamula kope langa pamisonkhano n'kumaonetsa alangizi achimuna, ine mtima uli m'mwamba.

Chaka chachisanu ndi chitatu, kusamukira ku Utale

Ndinakwatiwa, ndinabereka Mariamu, ndipo bambo ake anamwalira mwanayo ali ndi zaka ziwiri. Atakwanitsa zisanu, kalata inabwera yondikweza kuti ndikayang'anire alangizi anzanga ku Utale, m'boma la Balaka. Ndinapita kukaona malo. Nyumba inali chipinda chimodzi chogundana ndi mosungira mankhwala a thonje, fungo lake lolowa mpaka m'madzi akumwa. Mwana sakanakhalamo. Ndikanakonda kukuuzani kuti anandikakamiza, koma a Lipoti ananena poyera: "Mukhoza kukana, mayi. Palibe angakudzudzuleni, muli ndi mwana." Ndinaganiza sabata imodzi. Ndinkaona alimi aja amene anandiseka, ndinkaona mzere uja wa patsamba loyamba. Ndinavomera, n'kupempha amayi kuti anditengere Mariamu. Amayi anali akusenda chinangwa, ndipo sanakweze mutu. "Pita. Koma akadzayamba kunditchula ine amayi, usadzandikwiyire."

Tsiku lonyamuka ndimalikumbuka lonse. Mariamu anavala diresi lachikasu lothothoka batani. Lole itanyamuka anaithamangira mpaka pamjigo, akukuwa kuti ndaiwala kumukweza. M'kope tsiku limenelo ndinalemba motere: "Ndanyamuka m'mawa palole. Katundu: matilesi, mpope umodzi, sikelo, makope. Ku Utale mvula sinagwe, nthaka ndi yakuda." Basi. Ku Utale ndinakhalako zaka zisanu ndi zinayi, kenako malo ena awiri, mpaka kupuma. Mbiri ya ntchito ya kumeneko ili m'mitu ina.

Ogasiti wa chaka chatha

Nditapuma ndinabwerera pamalo a makolo anga. Ndimalima nandolo, chinangwa ndi kathonje pang'ono, ndipo ndinali ndi mbuzi zisanu ndi imodzi. Mtsogoleri wake ndi mbuzi yaikazi yotchedwa Wakuba, dzina analipeza yekha. Mariamu ndi namwino, amakhala ku Balaka kutauni. Tinkaonana pa Idi ndi pamaliro, mwaulemu, ngati apongozi. Chaka chatha, koyamba, anavomera kuti ana adzakhale nane holide yonse yaitali. Pafoni anati, "Amayi, anawa akubwera kudzacheza, osati kudzagwira ganyu." Ine ndinati, "Iyayi mwanangu, ndine munthu wamkulu ine."

Anafika panjinga zamoto kuchokera pa Ntaja, nkhope zili tuwaa ndi fumbi. Ndinawalandira monga timachitira ndi adzukulu aakazi. "Mwabwera akazi anzanga, kudzandilanda nyumba?" Halima, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anayankha pompo: "Tikulandani ndi mbuzi zomwe, anganga." Asiyatu, wa zaka khumi ndi ziwiri, anali atapita kale pakhonde pomwe ndimayedzeka njinga. Iyi ndi yachitatu, ndinagula ndekha, koma ndi mtundu womwe uja, yakuda yachimuna. Anaisisita chishalo, kenako anandiuza motsitsa mawu kuti mng'ono wake asamve.

"Anganga, kusukulu amanditchula Katundu."

"Katundu bwanji?"

"Chifukwa ine ndimangokwezedwa pakaliyala ya akabaza. Anzanga onse amapalasa. Ndawauza kuti anganga anga anapalasa njinga moyo wawo wonse, ndikabwerako adzaona."

Ndinamugwira paphewa. "Zochepa zimenezo. Mawa tiyamba."

Amene sanalime sangamvetse Ogasiti. Anthu amati ndi nyengo yopuma, koma nandolo akauma sadikira, amathetheka yekha m'munda. Anthu akakolola amamasula ziweto, ndiye makaka ukayanika, chinangwa chosenda chija, uyenera kukhalira pomwepo. Zitsa za thonje ziyenera kuzulidwa ndi kutenthedwa nthawi yake isanapitirire kuti mbozi zisagonere, ndipo ine amene ndinakalipira anthu zaka zonse zija pankhani imeneyi sindikanalola kuti munda wanga ukhale womaliza. Tsiku lachiwiri ndinatenga pepala, ndinadula mizere, ndinalemba ndondomeko ya ntchito monga ndinkachitira ndi makalabu, n'kuimata pachitseko. M'mawa kuthyola nandolo, masana kupuntha ndi kupeta, madzulo mbuzi. Njinga ndinaiika pansi penipeni, m'kabokosi kolembedwa "nthawi ikapezeka".

Asiyatu ankapopa matayala m'mawa uliwonse tisanapite kumunda. Madzulo ankandiyang'ana, ine n'kunena kuti mawa. Sindinganene kuti sitinkaseka. Tikamapeta ndinkawauza za a Lipoti, ndipo ankakonda kuwayeserera. Tsiku lina ndinapeza Halima milomo ili ndi makoko a mtedza wanga wambewu. Anavula magalasi amene analibe, nawapukuta pamalaya, nati, "Zalembedwa pati, mayi? Chosalembedwa sichinachitike!" Ndinaseka mpaka kukhala pansi.

Sabata yachitatu, ine ndili kuseri ndikutembenuza makaka, ndinamva chiphokoso. Asiyatu anali atayesa yekha pakamtsetse ka kumjigo, nagwera m'ngalande. Ndinathamanga. Apa ndilembe monga zinachitikira: ndinayamba ndadzutsa njinga. Ndinazunguza gudumu, ndinayang'ana pedulo yopindika, ndinati, "Taona zimene wachita." Kenako ndi pomwe ndinaona bondo lake likutuluka magazi mpaka kuphazi. Iye sanalire. Anangoyang'ana dzanja langa lili pahandulo. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kupopa matayala, ndipo ine, mbuli, ndinaona ngati mwana wakhwima nzeru.

Kutatsala masiku atatu kuti abwerere, nditaswali Asiri, pemphero lathu la chakumadzulo, ndinamutuma kuti akayang'ane m'kope tsiku limene ndinamwetsa mbuzi mankhwala a njoka zam'mimba. Anachedwa. Atatuluka anali ndi kope lotsegula, chala chili pamzere.

"Anganga, ndiwerenge?"

"Werenga, mkazi mnzanga."

"Lolemba: Wakuba wathyola khola. Lachiwiri: nandolo wa kumunsi watha, Wakuba akutsokomola. Lachitatu: pedulo ya njinga yapindika." Anatembenuza masamba, kubwerera mpaka tsiku limene anafika. "Lamulungu: mphepo yamphamvu, makaka sanaume bwino." Anakweza maso. "Tsiku limeneli si lija tinabwera ife?"

"Mulimo inu. Tapitiriza, mulimo."

"Ndaona. Pali pamodzi apa: ana athandiza kupuntha." Anayang'ana mng'ono wake. "Ana ake a ndani, anganga?"

Ndinayamba kusankha nandolo m'lichero limene linali pamiyendo panga.

"Wakuba ali patsamba lililonse," anatero Asiyatu. Sanakweze mawu, sanayeserere a Lipoti. "Ndiye kuti ife sitinabwere."

Ndinaimirira msangamsanga, lichero n'kugwa. Ndinati tiye pompano, pedulo ndiwongola ndi mwala, dzuwa likadalipo. Iye anagwada, monga amayi ake anamuphunzitsira, n'kundipatsa kope ndi manja awiri. "Iyayi anganga, musavutike. Makaka anu angadyedwe." Akanandinyoza bwenzi zili bwino. Masiku atatu otsalawo ndinamupempha m'mawa ndi masana, iye ankangothokoza n'kutenga tsache.

Mariamu anabwera kudzawatenga. Anaona chipsera pabondo, anaona pepala pachitseko, ndipo Halima anamuuza zotsalazo asanavule n'nsapato zomwe. Tinakhala pakhonde awiriwiri. Ndinayamba kufotokoza za nandolo ndi zitsa, iye anandidula.

"Amayi, makope anuwo ine ndinawawerenga kale. Ndili Folomu 1, holide ija ndinabwera ku Utale. Inu mukapita kumakalabu, ine ndinkatsegula thiranki kufunafuna dzina langa."

"Unalipeza?"

"Ndinalipeza. Nsapato za Mariamu. Yunifomu ya Mariamu."

"Bwanji sunandiuze, mwanangu?"

"Ndikanalemba lipoti?"

Anaitana njinga zamoto. Asiyatu anakwera kumbuyo, pamalo a katundu, osacheuka.

Miyezi ya mvula

Sabata yotsatira ndinatulutsa makope onse. Ndinawerenga kuyambira wa Folomu 2 uja, mtsikana amene ankatha masamba atatu pa ababa ake akuthamangira njinga, mpaka kufika pa nkhalamba yolemba chifuwa cha mbuzi. Tsiku limene Mariamu anayamba kuyenda mulibe. Tsiku limene anatchula amayi anga kuti amayi ine ndili pomwepo, mulibe. M'malo mwake muli mtundu wa mbozi zimene tinapeza kwa mlimi wina. Nditafika patsamba la lole lija ndinatenga cholembera kuti ndiwonjezere m'mphepete kuti Mariamu anathamanga mpaka pamjigo. Ndinalemba chilembo chimodzi n'kusiya. Inki yatsopano papepala lakale imaoneka, ndipo ndi mmene ndinkagwirira alangizi odzaza malipoti usiku woti mawa bwana akubwera. Sindinafune kunamiza thiranki. N'chifukwa chake ndikulemba mutu uno, poyera, ndi inki ya lero.

Holide ya Disembala sanabwere. Mariamu anati mayendedwe avuta ndi mvula, ine sindinatsutse. Mvula itagwa ndinabzala nandolo theka la munda. Malo athyathyathya a pafupi ndi mango ndinawasiya osalima, ndinkangochotsa zitsa ndi minga. Mbuzi zitatu ndinapereka kwa msuweni wanga. Thonje sindinabzale n'komwe. Anthu opita kumjigo ankalankhula mokweza kuti ndimve: "Alangizi ayamba ulesi, taonani bwalo la mpira." Ndinkangowapatsa moni. Njinga ndinaipititsa kwa okonza, anaika pedulo yatsopano, anatsitsa chishalo mpaka pansi. Ndinkapempha Mulungu chinthu chimodzi, kuti Ogasiti akafika mwanayo avomere kubwera.

Ogasiti uno

Anabwera. Mariamu anati ndi masabata awiri okha, ndipo ine ndinati alihamudulilahi. Asiyatu watalika, mpango akumanga yekha mwa atsikana akutauni. M'mawa mwake ndinatulutsa njinga, ndinaikankha mpaka pabwalo langa lija, ndinakwinya chitenje monga ababa anakwinyira mkanjo. Ndinagwira kaliyala ndi manja awiri.

"Kwera, mkazi mnzanga. Ndagwira, sindikusiya."

Anandiyang'ana, anayang'ana bwalo losesedwa. Anaponda pedulo, naponya mwendo, ndipo kaliyala inachoka m'manja mwanga. Anazungulira mango, anapita mpaka kumalire a nandolo, anabwerera dzanja limodzi likukonza mpango. Ine ndinatsala nditawerama, manja ali m'malere, nditagwira mphepo. Anaima patsogolo panga ndi buleki yabwinobwino.

"Chishalochi chatsika kwambiri, anganga."

"Unaphunzira liti?"

"Titangotsegulira sukulu. Anandigwirira ndi aneba athu, amayi ogulitsa tomato aja."

"Zinatenga nthawi yaitali?"

"Masana awiri."

Masana awiri. Ndinali naye masabata asanu. Mayi amene sindikumudziwa n'dzina lomwe anasiya tomato wake, chinthu chimene chimaola, n'kuthamanga pambuyo pa mdzukulu wanga. Amene anaona nkhope ya Asiyatu pamene anacheuka n'kupeza kuti akupita yekha ndi iyeyo. Zimenezo sizibwerezedwa, ngakhale nditasesa bwalo mpaka kufika kunyanja ya Chiuta. Ndinafuna kukhala pansi, koma wina anandikoka chitenje.

"Nanga ine?" Anali Halima. "Kapena bwaloli ndi la akazi aakulu okha?"

Miyendo yake sifika bwino pamapedulo ngakhale chishalo chili pansi, amachita kupendekera uku ndi uku. Ndinamukweza. "Mugwire zenizeni, anganga. Mukandigwetsa ndikulandani mbuzi zotsalazo." Tinayamba, iye akupalasa mokhotakhota, ine pambuyo, mawondo akulira. Tinazungulira kamodzi, kawiri. Tili pakati paulendo wachitatu Asiyatu anakuwa kuchokera pansi pa mango.

"Anganga! Wakuba ali pamakaka!"

Zinali zoona. Ndinamuona m'mbali mwa diso, miyendo yakutsogolo ili pathandala, ana ake awiri akudikira pansi zogwa. Makaka a sabata yathunthu. Thupi langa lonse linafuna kuthamangira kumeneko, ndipo dzanja limodzi linayamba kumasuka lokha. Asiyatu sanasunthe kuti akaipirikitse. Sankayang'ana mbuzi, ankayang'ana manja anga.

"Palasa, Halima," ndinatero. "Yang'ana kutsogolo."

Tinazungulira mpaka mpweya unandithera. Halima sanathe kupita yekha tsiku limenelo, ndipo pamene ndikulemba pano sanathebe, tatsala ndi masiku asanu ndi limodzi. Titapuma ndinatenga kope pomwepo pansi pa mango n'kulemba. Asiyatu anabwera kudzasuzumira paphewa panga, ndipo ndinamusiya awerenge: "Asiyatu akupalasa bwino, ngakhale ndi dzanja limodzi. Anamuphunzitsa ndi mayi wina wa ku Balaka, osati ine, chifukwa chaka chatha ndinkangomuuza mawa tsiku ndi tsiku. Halima wazungulira kasanu ndi kawiri ine nditagwira. Akuti ndimapuma ngati ng'ombe."

Anawerenga kawiri. Sanandikumbatire, ndipo sananene kuti zatha. Anangoloza ndi chala pansi pa mzere womaliza.

"Mwaiwala kulemba za makaka, anganga."

Ndinayang'ana kuthandala. Wakuba anali atagona pamthunzi akubzikula, mimba ili tuu.

"Ndiye kuti sanadyedwe," ndinatero.

Asiyatu anabisa pakamwa ndi mpango, koma mapewa ankagwedezeka. Kenako anadzutsa njinga, nagwada pambali pake, n'kuyamba kupopa tayala lakumbuyo.